M'CHIPINDA CHACHING'ONO, SIPIKA IKHALE YAING'ONO

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene timakanganirana tikamacheza madzulo: kodi munthu wofuna kumvera nyimbo m'chipinda chaching'ono agule masipika otani? Anzanga ambiri amati agule akuluakulu ofika m'chiuno, a magetsi othwanima, ogwedeza mazenera. Ine ndikukana. Ndalama yomweyo ndi bwino kugulira masipika awiri ang'onoang'ono koma apamwamba.

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa amalume. Iwo anali atangogula masipika awiri aakulu nkuwaika m'makona a chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Titaika nyimbo ya kwaya, tinkangomva kugunda kwa besi ndi kulira kwa malata. Mawu a oimba sankamveka. Amalume anakweza, zinthu zinaipiraipira. Ndinawamvera chisoni poganizira miyezi imene anasunga ndalamazo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chifukwa chake tinachiphunzira m'kalasi ya sayansi. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo akagunda khoma amabwerera. M'chipinda chilichonse muli mawu ena a besi amene amawunjikana pakati pa makoma awiri oyang'anizana. Kuti muwadziwe, chulukitsani kutalika kwa chipinda kawiri, kenaka mugawe 343 ndi yankholo. Pa mamita 4 mupeza 43 Hz, pa mamita 3 mupeza 57 Hz. Mawu amenewa amamveka mopyola muyeso pafupi ndi khoma, koma pakati pa chipinda amatsala pang'ono kusoweratu. Sipika yaikulu imatulutsa mawu otsika oterewa mwamphamvu, nkukwirira ena onse. Yaing'ono siitsika kwambiri chotero, ndiye chipinda sichilimbana nayo.

Izi akatswiri anazidziwa kalekale. M'zaka za m'ma 1970 a wailesi ya BBC ku Britain ankafuna sipika yomvera m'galimoto zoulutsira mawu kunja kwa situdiyo, momwe malo ndi ochepa ndipo munthu amakhala pafupi ndi sipika. Anapanga kabokosi kotchedwa LS3/5A, kotalika pafupifupi masentimita 30 okha. Cholinga chawo chinali chakuti liwu la munthu limveke monga momwe liliri. Zipangizo zotulutsa mawu za mkati mwake zinkachokera ku kampani ya KEF, imene Raymond Cooke anaiyambitsa mu 1961 ku Maidstone. Makampani monga Rogers, Spendor ndi Harbeth anapatsidwa chilolezo chokapanga, ndipo mpaka lero anthu okonda nyimbo akukafunabe. Mu 2012 a KEF anatulutsa sipika ina yaing'ono, LS50, pokumbukira zaka 50 za kampani yawo. Ngati anthu amene ntchito yawo ndi kumvetsera anasankha kabokosi, ife tikukakamiriranji chibokosi?

Wina anena kuti, “Nanga mawati?” Pamenepa mpomwe ogulitsa amatipusitsira. Mukachulukitsa mawati kawiri, mawu amangokwera ndi madesibelo 3, kusiyana kumene khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti nyimbo imveke ngati yakwera kawiri pamafunika mawati ochuluka pafupifupi kakhumi. Manambala aakulu olembedwa kuti PMPO pa katoni musawakhulupirire; funsani a RMS. Komanso m'chipinda chaching'ono mumakhala mamita awiri okha kuchokera pa sipika, ndiye phokoso lalikulu ndi la chiyani? Kukhala maola 8 tsiku ndi tsiku m'phokoso loposa madesibelo 85 kumaononga makutu, ndipo makutu akaonongeka motero sabwereranso mwakale.

Tsono wogula ayang'ane chiyani? Choyamba, ayeze chipinda asanapite kusitolo. Chachiwiri, ayang'ane kumbuyo kwa bokosi. Ngati kuli bowo lotulutsira besi, sipikayo imafuna mpata pakati pa iyo ndi khoma. Ngati mpata palibe, asankhe ya bokosi lotsekeka kapena ya bowo kutsogolo. Chachitatu, asaiwale ampulifaya. Masipika ang'onoang'ono ambiri amafuna mphamvu yokwanira kuti alankhule, ndipo ampulifaya yofooka ikakakamizidwa imatulutsa mawu osasa mpaka kuotcha kasipika kam'mwamba kotchedwa tweeter. Chachinayi, atenge nyimbo imene amaidziwa bwino, makamaka ya mawu a anthu, aimvere motsitsa ndiponso kwa nthawi. Ngati akutha kusiyanitsa soprano, alto, tenor ndi besi, komanso kumva liwu lililonse, sipikayo ndi yabwino. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kugula kokha sikukwanira, kaikidwe kalinso ndi gawo lake. Masipika asakhale m'makona kapena pansi. Akhale pa zoikapo zolimba, tweeter ilingane ndi khutu la munthu atakhala pampando. Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochokera pa sipika iliyonse kufika pa mpando. Pansi muyale mkeka kapena kapeti, pa mazenera makatani, ku khoma shelefu ya mabuku, kuti mawu asamangobwererabwerera. Zimenezi sizidya ndalama zambiri koma zimasintha kamvekedwe kotheratu. Kwa amalume tinangochotsa masipika m'makona nkuyala mkeka, mawu a kwaya anayamba kumvekako, ngakhale besi inali yochulukabe.

Ndivomereze zinthu ziwiri. Sipika yaing'ono siingadzaze holo, bwalo la ukwati kapena tchalitchi. Kumeneko zikuluzikulu zija ndiye kwawo. Siingatulutsenso mawu otsikitsitsa a limba lalikulu la mapaipi. Chinanso, masipika apamwamba ndi okwera mtengo, ndipo banja lomwe likuvutika kupeza fizi lisayambe ndi amenewa. Koma amene watsimikiza zogula, kuli bwino adikire, asunge, ngakhale agule ogwiritsidwapo kale ntchito atawamvera bwinobwino, kusiyana ndi kuthamangira chibokosi chimene chidzamtopetsa pakatha mwezi umodzi.

Anzanga, nyimbo timaimvera ndi makutu, osati ndi maso. Tisamagule chinthu pofuna kuti alendo atitame kuti tili ndi katundu wamkulu. Awa ndi maganizo anga, mwana wa Fomu 3. Amene akutsutsa ayambe wayeza chipinda chake, achite samu ija, kenaka atiyankhe m'kope lotsatira.