Mphutsi zachikasu m'nsomba: mankhwala ake ndi kusamala dziwe

Alimi anzanga, ino ndi nyengo yokolola nsomba. Madzi ayamba kuchepa m'maiwe, ndipo ambiri mwa inu mukukoka makoka kuti mugulitse makumba ndi chilunguni madziwo asanaphwe. Nyengo yomweyi ndi imene dandaulo limodzi limandipeza chaka ndi chaka. Sabata yatha mlimi wina anabwera ndi makumba atatu m'kambale. Wogula atatumbula nsomba imodzi pamsika anapeza timatuza tachikasu tonga njere za mpunga m'mnofu ndi pafupi ndi makha, momwe nsomba imapumira. Atafinya kamodzi munatuluka kachilombo kamoyo. Beseni lonse la nsomba linabwerera kunyumba. Mlimiyo anandifunsa kuti, "Alangizi, ndigule mankhwala anji?"

Mankhwala othira m'dziwe oti n'kuchotsa mphutsi zomwe zalowa kale m'mnofu wa nsomba mlimi sangawapeze. Koma mukadziwa moyo wa kachilomboka, mudzaona kuti kukagonjetsa kuli m'manja mwanu.

Akatswiri amakatcha Clinostomum. Ndi kanyongolotsi kophwatalala ngati katsamba, ka m'gulu limodzi ndi tizilombo toyambitsa likodzo. Kuti kakule n'kuswana kamayenera kudutsa m'zamoyo zitatu: mbalame, nkhono ndi nsomba. Kakakulu kamakhala m'kamwa ndi kummero kwa mbalame zodya nsomba monga akakowa. Mbalameyo ikamasaka chakudya padziwe panu, mazira a kanyongolotsika amagwera m'madzi. Dzira likaswa, mumatuluka kamwana kosaoneka ndi maso komwe kamasambira kufunafuna nkhono, ndipo kakapanda kuipeza msanga kamafa.

Kakalowa m'nkhono kamachulukana kwambiri, moti kamodzi kokha kamatulutsa ana mazanamazana okhala ndi timichira. Anawa amachoka m'nkhono, n'kuboola khungu la nsomba, n'kudzitsekera m'timatuza tija. Mmenemo amakhala miyezi yambiri kudikira kuti mbalame imeze nsombayo. Ikangomeza, m'masiku ochepa kanyongolotsi kamakhwima kummero kwake n'kuyambanso kuikira mazira.

Mfundo yoti muigwire ndi iyi: nsomba siipatsira nsomba inzake mphutsizi. Popanda nkhono, kapena popanda mbalame, ulendo wa kachilomboka umathera panjira.

Nkhaniyi ikufunika kwambiri lero chifukwa chambo cha m'nyanja chachepa, ndipo boma ndi mabungwe akulimbikitsa ulimi wa nsomba m'maiwe. Zimenezi n'zabwino. Vuto lomwe ndikuona n'lakuti tikamakamba za chitukukochi timawerenga maiwe omwe akumbidwa ndi ana a nsomba omwe agawidwa, pomwe za umoyo wa nsombazo timazikumbuka zinthu zikavuta. Matenda a zilonda za nsomba atabuka ku Mchinji mu 2020 aliyense anadzidzimuka, popeza nsomba zinkafa anthu akuona. Mphutsi zachikasu sizichita phokoso lotero. Nsomba zazikulu kawirikawiri sizifa nazo, ngakhale tiana tingafe zikachuluka. Zimangochedwetsa kukula ndi kugwetsa mtengo, ndipo wogula akaziona kamodzi sabweranso. Mlimi amakhala atataya madeya, manyowa ndi thukuta la miyezi isanu ndi umodzi.

Komanso dziwe losasamalidwa, lodzala udzu ndi zomera za m'madzi, ndi khola la nkhono. Mitundu ina ya nkhono zomwezi ndiyo imasunga likodzo. Choncho dziwe lomwe munakumba kuti ana azidya ndiwo zabwino lingathe kuwadwalitsa akamasewera m'madzimo.

Ndiye muchite chiyani? Yambani ndi nkhono. Mukatha kukolola, phwetsani dziwe lonse ndipo liume padzuwa mpaka pansi patang'ambika. Nkhono zina zimabisala m'matope n'kupulumuka chilimwe, choncho malo omwe akadali achinyezi muwazepo laimu. Mulingo wake funsani alangizi a za nsomba, chifukwa umatengera kukula kwa dziwe ndi mtundu wa laimuyo. Musathiremo mankhwala ophera tizilombo ta m'munda: amapha nsomba, amaononga madzi a anzanu kumunsi, ndiponso ndi oopsa kwa odya nsombazo. Polowera madzi ikanipo sefa ya mabowo ang'onoang'ono kuti nkhono ndi nsomba za kumtsinje zisalowe. Tchetchani udzu m'mbali ndipo zulani zomera za m'madzi pafupipafupi.

Kenako mbalame. Kakowa amakonda madzi osaya momwe angathe kuimamo, choncho dziwe likhale lakuya pafupifupi mita imodzi ndipo musalole m'mbali mwake kugumuka n'kusanduka dambo. Mangani zingwe modutsa pamwamba pa dziwe motalikirana pang'ono, ndipo dziwe la tiana muliphimbe ndi ukonde. Kupha mbalame si njira, popeza mawa kubwera zina. Nsomba zakufa ndi matumbo musataye pamtunda pomwe mbalame zingatole, kwirirani.

Samalaninso pogula mbewu. Ana a nsomba ogula kwa mnansi, kapena ogwidwa mumtsinje, angabwere ndi mphutsi m'thupi, ndipo m'chidebe momwemo mungabisale nkhono. Gulani kwa oswetsa nsomba odziwika ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu, kapena kumalo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba monga ku Domasi, m'boma la Zomba.

Nanga nsomba zomwe zagwidwa kale n'kudya? Inde, zikapsa bwino, chifukwa moto umapha mphutsizi. Ku Japan ndi ku Korea, komwe ena amadya nsomba zosaphika, madokotala anapezapo kanyongolotsika katakakamira kummero kwa anthu. Choncho nsomba yootcha kapena yowamba ipse mpaka mkati. Zomwe zili ndi mphutsi zambiri musapite nazo kumsika, mungaononge mbiri yanu ndi ya alimi anzanu.

Pomaliza, ngati maiwe anu amamwa mumfuleni umodzi, nkhono za mnzanu ndi zanunso. Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani pakalabu, gwirizanani sabata yophwetsa maiwe ndi kulambula mfuleni mvula isanagwe, ndipo mukaona timatuza tachikasu m'nsomba zanu, tengani ziwiri kapena zitatu mukaonetse alangizi tsiku lomwelo.