NANGA OSAMALA ODWALA MAGANIZO, AWASAMALA NDANI?

Anzanga aseminale ndi inu nonse owerenga magazini yathu ino, ndiloleni ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Ine ndine mmodzi wa anyamata aja amene mnzathu akaphonya samu yophweka pa bolodi, kapena akaponya mpira kumwamba golo ili pululu, timafuula kuti, "Ameneyu timtumize ku Zomba!" Tonse nkuseka chikhakhali. Koma chibwerereni ku tchuthi chapitachi, nthabwala imeneyi yandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndikuuzani chifukwa chake.

Tchuthi chimenechi ndidakakhala kwa azakhali anga mumzinda. Iwo ndi namwino ku gawo loona za matenda a maganizo pa chipatala china, ndipo agwira ntchitoyi zaka zoposa khumi. Kale ndinkayesa kuti namwino ndi munthu wa mwayi: yunifolomu yoyera, malipiro mwezi ndi mwezi, basi. Zimene ndidaona ndi maso anga ndi zina. Azakhali amanyamuka kusanache kukalimbirana minibasi. Ikafika sabata yogwira usiku amabwerako m'mawa maso ali psuu, koma tulo osabwera. Pa mkono pawo pali chipsera cha mano. Nditafunsa adangoti, "Adali matenda, mwana wanga, sadali iye. Atachira adabwera kudzapepesa misozi ili m'maso."

Anthu oyandikana nawo nyumba amawatchula kuti "mayi wa amisala." Ena amanong'onezana kuti munthu wokhalitsa ndi amisala, mutu wake suchedwa kuzungulira nawonso. Chodabwitsa nchakuti anthu omwewo, mwana wawo akasuta chamba nayamba kulankhula yekha, ndiwo amagogoda pa chitseko cha azakhali pakati pa usiku.

Madzulo ena ndidawapeza atakhala zyoli pakhonde, nsima itazizira patebulo. Mnyamata wa msinkhu wanga, amene iwo adamsamala miyezi itatu mpaka kupeza bwino, tsiku limenelo adabwera naye achibale atam'manga ndi zingwe. Kwawo adamuuza kuti aleke kumwa mankhwala poti wachira, ndipo m'dera lonse panalibe amene adamlola kugwira ngakhale ganyu wolima. "Ife tikutunga madzi ndi dengu," adatero azakhali. "Timamanga kuchipatala, kunjaku nkumagumula." Ine ndidasowa choyankha. Usiku umenewo ndidadzifunsa kuti: mayi ameneyu amasenza mitolo ya anthu ena tsiku ndi tsiku, nanga mtolo wake amtula ndani?

Maganizo anga ndi awa. Anthu ogwira ntchito yosamala odwala maganizo tawasiyira katundu amene ndi wa tonsefe, ndipo pamwamba pake timawanyoza. Ngati sitiwathandiza kusenza, adzagwa nawo, ndipo akagwa iwo, odwala athu adzasowa kolowera.

Chipongwe chimenechi chili ndi mizu yake. M'chaka cha 1910 boma la atsamunda lidayamba kusunga odwala misala m'chigawo china cha ndende ya ku Zomba, ndipo owayang'anira adali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni cha matendawa chidatsegulidwa mu 1953. Motero kuyambira pachiyambi anthu adazolowera kuona wodwala maganizo ngati mkaidi, ndipo womsamala ngati mlonda wa akaidi. Chipatala chija chidatuluka m'ndende zaka zoposa 70 zapitazo, koma m'mitima ya ambiri a ife wodwalayo adakali wotsekeredwa.

Komatu matendawa sali kutali monga timaganizira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidapeza kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse pa dziko lapansi adali ndi vuto lina la maganizo. Si onse amene amavula zovala pamsika ayi. Ambiri ndi anthu ovala bwino, ongodwala nkhawa ndi chisoni chosatha, kapena ogwidwa ukapolo ndi mowa. Tawerengani anthu amene mumakhala nawo patebulo m'chipinda chodyera, mudzaona kuti nkhaniyi yatifika pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'chaka chomwecho cha 2019 bungweli lidavomerezanso kuti pali kutopa kwina kobwera ndi ntchito yopanikiza imene yatenga nthawi yaitali. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu amatheratu mphamvu, mtima wake umauma ndi kutalikira ntchito yake, ndipo zimene akugwira siziyendanso bwino. Namwino akafika pamenepo amayamba kukalipira odwala, ife nkumati ndi wankhanza, osadziwa kuti chitsime chimene takhala tikutungamo chaphwa.

Chimene chidandigwira mtima nchakuti azakhali ndi anzawo sadangokhala manja lende. Lachisanu lililonse akaweruka amakhala pansi kumwa tiyi, aliyense nkunena chimene chamsautsa sabata imeneyo, kuyambira dokotala mpaka wokolopa. Ali ndi chipereganyu chawo chothandizana pa fizi ya ana. Mmodzi akaferedwa, ena amagawana ntchito yake kuti akalire maliro mosathamanga. Ndiponso kamodzi pa mwezi amatuluka kupita m'misika, m'masukulu ndi m'matchalitchi kukaphunzitsa anthu za kuopsa kwa chamba ndi kachasu, za zizindikiro za munthu amene akuganiza zodzipha, ndi za kufunika komaliza mankhwala. Tsiku lina ndidawaperekeza. Pobwerera ndidafunsa kuti, "Azakhali, kodi kuyenda kumeneku sikukuwonjezerani kutopa?" Iwo adaseka nati, "Kutopa kwa miyendo kumatha ndi tulo. Banja limodzi likamva lero, ndiye kuti bedi limodzi lapulumuka chaka chamawa."

Kuti anthu wamba angathe kupepukitsa ntchito ya achipatala, umboni wake uli kwa anansi athu ku Zimbabwe. M'chaka cha 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala a mtundu wake ndi ochepa zedi, adayamba ntchito yotchedwa Friendship Bench m'dera la Mbare mumzinda wa Harare. Adatenga agogo aakazi amene ankagwira kale ntchito ya ulangizi pansi pa nthambi ya zaumoyo ya mzindawo, nawaphunzitsa kumvetsera munthu ndi kumthandiza kumasula mavuto ake limodzi limodzi. Zipangizo zawo ndi benchi ya matabwa yoikidwa panja pa chipatala chaching'ono, ndi makutu awiri. Vutoli m'Chishona amati kufungisisa, kumene kuli kuganiza mopitirira muyeso. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 adaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa anthu 100 aliwonse amene adacheza ndi agogowa, pafupifupi 14 okha ndiwo adali ndi zizindikiro za matenda a chisoni, pamene mwa amene adangolandira chithandizo cha masiku onse adalipo pafupifupi 50. Agogo sadalande ntchito ya dokotala. Amene adwala kwambiri amawatumiza kwa akatswiri. Koma mzere wa pa khomo la namwino umafupika. Nanga ife, amene tili ndi miphakati m'mudzi uliwonse, tikusowa chiyani? Mabenchi tili nawo, agogo tili nawo.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Anthu amenewa adasankha okha ntchitoyi ndipo amalandira malipiro." Zoona. Koma ndalama sizigula tulo, ndipo palibe malipiro amene angafafanize chipsera cha pa mkono pa azakhali. Winanso anena kuti mkhristu akatopa angopemphera basi. Ine sindikupeputsa pemphero, ndingathe bwanji ndili m'nyumba ino? Koma kumbukirani za mneneri Eliya m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19. Atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sadamdzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Adayamba wampatsa chakudya ndi madzi, namlola kugonanso. Mose naye apongozi ake a Yetero adamchenjeza kuti adzafooka akamaweruza yekha milandu ya anthu onse, namlangiza kugawira ena ntchito. Ndipo Ambuye Yezu eni ake, ophunzira atabwerako ku ulendo wolalika, adawatengera kwa okha kuti akapumuleko. Mutu umodzi susenza denga.

Ife Akatolika tiyenera kuchita manyazi koposa ena tikamaseka nkhani zotere, pakuti tili ndi woyera amene adagonapo m'chipinda cha amisala. Yohane Woyera wa Mulungu, wobadwira ku Portugal mu 1495, atamva ulaliki wa Yohane wa ku Avila mumzinda wa Granada, adasweka mtima nayamba kuthamanga m'misewu akulira ndi kudzimenya. Anthu adamtsekera m'chipatala, kumene adamkwapula, poti masiku amenewo mkwapulo ndiwo unkayesedwa mankhwala a misala. Atatuluka adatsegula nyumba yosamaliramo odwala osauka mwaulemu, ndipo adadzipereka pa ntchitoyo mpaka imfa yake pa 8 Marichi 1550. Mu 1930 Papa Pius XI adamsankha kukhala nkhoswe ya anamwino. Abulazala a chipani chake adafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero ali ndi malo othandizira odwala maganizo kumeneko ndi ku Lilongwe, komanso koleji yophunzitsa anamwino ndi aphungu a ntchitoyi. Akulu adati wamisala adaona nkhondo. Uyu adaona chimene anzeru a nthawi yake sadachione.

Tsono tichite chiyani ife ana a sukulu, opanda ndalama ndi udindo? Choyamba, nthabwala ya ku Zomba ithe pakati pathu. Simudziwa kuti amene akuseka nanu mokakamizayo, mayi ake kapena mkulu wake ali kumeneko. Chachiwiri, tikapita ku tchuthi tipemphe mphakati wathu kuti poyendera odwala usalambalale nyumba ya wodwala maganizo. Kumkumbutsa tsiku lokatenga mankhwala, kumuitana ku kwaya, kumpatsa ganyu, zonsezi ndi kuthandiza namwino amene sitidzamuona nkomwe. Chachitatu, pa 8 Marichi ndi pa 10 Okotobala, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo pa dziko lonse kuyambira mu 1992, tiwatchule antchito amenewa m'mapemphero a pa Misa, ndipo tiwalembereko kalata yothokoza. Chachinayi, mnzathu muno akayamba kudzipatula, osadya, osagona, tisamutche dzina. Tikhale naye pansi, ndipo ngati zatikulira tikawauze Bambo otiyang'anira pa zauzimu nthawi isanathe.

Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzakhala ansembe. Anthu osweka mtima adzayamba kugogoda pa khomo lathu asanafike kuchipatala, ndipo nafenso tidzalawa kutopa kosenza mitolo ya eni. Tiphunzire lero kudziwa pamene pathera nzeru zathu ndi kulemekeza amene adaphunzira ntchitoyi, kuti tidzagwire nawo limodzi.

Tsiku lobwerera kuno azakhali adandiperekeza ku depoti atavala kale yunifolomu. Basi ili pafupi kunyamuka adati, "Ukakhala wansembe, mwana wanga, usadzangodalitsa odwala okha. Udzatifunseko nafenso kuti tadzuka bwanji." Ine ndidalonjeza. Koma ndaona kuti kudikira unsembe nkuchedwa, nchifukwa chake ndalemba izi.