Magemu a pa lamya: malangizo omwe sitiwerenga tsopano akukamba za ndalama

Aliyense amene anaimapo pa msika wa Nyimba kuti agule nthochi, kapena amene anayendapo kuseri kwa mashopu pa boma la Petauke, akutidziwa tizipinda tomwe mumamveka phokoso la mpira pomwe bwalo palibe. Mumakhala wailesi yakanema, makina a PlayStation, benchi, ndi anyamata odikira nthawi yawo atafumbata makobidi. Ku midzi ya mfumu yaikulu Luembe, cha ku mtsinje wa Luangwa, komwe magetsi sanafike ponseponse, masewerawa amalowa kudzera pa lamya ya m'manja yotchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. M'malo onsewa n'kovuta kupeza munthu atatsegula kabuku ka malangizo. Wobwera kumene amangopatsidwa padi, mnzake n'kumuonetsa batani lopatsira mpira ndi lomenyera ku golo, basi masewera ayambika.

Funso lakuti kodi osewera magemu amawerenga malangizo ndi lakale, ndipo makampani opanga masewerawa analiyankha okha. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 magemu ambiri ankagulitsidwa m'bokosi limodzi ndi kabuku kofotokoza mabatani, nthano ya masewerawo ndi maina a adani. Mu 2010 kampani ya Ubisoft ya ku France inalengeza kuti isiya kusindikiza timabukuti pa magemu ake a PlayStation 3 ndi Xbox 360, ndipo mu 2011 kampani ya Electronic Arts, yomwe inkapanga gemu ya mpira ya FIFA, inachitanso chimodzimodzi pa magemu ake a zamasewero. Onsewa anatchulapo za kuteteza mitengo. Koma n'zoonekeratu kuti wamalonda sangataye chinthu chomwe ogula ake akuchifuna.

Opanga magemu anali atazindikira kale kuti chala chimaphunzira msanga kuposa diso lowerenga. Chitsanzo chodziwika ndi Super Mario Bros., gemu ya kampani ya Nintendo ya ku Japan yomwe inatuluka mu 1985. Pa chiyambi pake palibe mawu olangiza. Kamunthu kaima kumanzere, kutsogolo kuli mpata, choncho wosewera amalowera kumanja. Kenaka kukubwera kachilombo, ndipo akapanda kulumpha amafa n'kuyambiranso patangopita masekondi ochepa. Patsogolo pang'ono bowa amatuluka m'bokosi, n'kugunda paipi, n'kubwerera kwa wosewerayo pamalo pomwe n'povuta kumuzemba. Akangomukhudza, kamunthu kaja kamakula, ndipo phunziro latha: bowa ndi wabwino. Shigeru Miyamoto, amene anatsogolera ntchitoyi, anafotokozapo poyera kuti malowa anawakonza dala motero.

Kwa ife kuno kaphunziridwe kotere si kachilendo. Palibe amene anawerengapo kabuku ka nsolo. Mwana amakhala pambali pa akuluakulu pansi pa mtengo, amaona mmene miyala ikuyendera, tsiku lina n'kupatsidwa mpata, n'kudyedwa, mawa lake n'kuchenjerako. Gemu ya Snake, yomwe inabwera ndi lamya za Nokia kuyambira mu 1997, tinaiphunzira chomwecho. Kuonjezera apo, makina ambiri omwe amafika ku chigawo cha kum'mawa amakhala oti anagwirapo kale ntchito kwina, monga zimakhalira zovala za salaula. Ine ndinagulira ana anga makina otere ali m'thumba la pulasitiki, opanda bokosi, opanda pepala, ndipo pomwe ndinkamaliza kulumikiza mawaya anali atadziwa kale zochita. Kusawerenga kwa mtundu umenewu sikunapweteke munthu.

Chomwe chasintha n'chakuti mawu osawerengedwawo sakufotokozanso za mabatani. Gemu ya pa lamya imakuphunzitsa yokha kusewera, ndipo imaphunzitsa bwino. Zomwe imazisiya m'zilembo zing'onozing'ono, zija munthu amangodina kuti wavomera, ndi zokhudza malipiro.

Maiko olemera anayamba kale kulimbana ndi vutoli. Mu 2014 bungwe la boma la United States loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linagwirizana ndi kampani ya Apple kuti ibweze ndalama zosachepera madola 32.5 miliyoni kwa makolo omwe ana awo anagula zinthu mkati mwa magemu popanda chilolezo, ndipo chaka chomwecho Google inavomera kubweza madola osachepera 19 miliyoni. Mu December 2022 kampani ya Epic Games, mwini wa gemu ya Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni, ndipo mwa ndalamazi 245 miliyoni zinali zobwezera anthu omwe anagulitsidwa zinthu osafuna, kamba ka mmene mabatani anaikidwira. Awatu ndi makolo omwe Chingerezi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho.

Mlimi wa kwa Luembe kawirikawiri alibe khadi la ku banki lolumikizidwa ku lamya, choncho njira imeneyi siimukhudza kwambiri. Zake zimatulukira pena. Pali magemu olembetsa omwe amadula ndalama zoimbira lamya tsiku ndi tsiku munthu akangodina kamodzi, ndipo mtengo wake ndi njira yosiyira zimalembedwa pansi m'Chingerezi. Pali magemu otchedwa aulere omwe amamaliza bandulo ndi makanema otsatsa malonda. Ndipo tisaiwale kuti m'nyumba zambiri lamya ndi imodzi. Yomwe mwana amabwereka madzulo ndi yomweyo imasunga ndalama za chimanga, za mtedza, ndi zomwe achibale atumiza kuchokera ku Lusaka.

Koma pomwe kusawerenga kukudula kwambiri ndi pa masewera obetcha omwe avala nkhope ya magemu. Otchuka kwambiri ndi Aviator, omwe anatulutsidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019 ndipo amapezeka pa masamba a makampani ambiri a zobetcha. Kandege kamanyamuka, nambala yochulukitsira ndalama n'kumakwera, ndipo wobetcha ayenera kudina batani lotulutsira ndalama zake kandegeko kasanathawe. Mwana wa giredi 3 angamvetse zimenezi pa mphindi imodzi. Mnzako akhoza kukuphunzitsa mmene amaphunzitsira FIFA, ndipo ambiri amaphunzira motero.

Malamulo a masewerawa sanabisidwe. Alipo, kuseri kwa kachizindikiro ka pakona, ndipo muli nambala imodzi yomwe ndi mutu wa nkhani yonse: 97 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti pa K100 iliyonse yomwe anthu onse pamodzi abetcha, K97 ndiyo imabwerera kwa iwo pakapita nthawi, ndipo K3 imatsala. Zikumveka zochepa, koma wobetcha sabetcha kamodzi. Zomwe wapata amaziponyanso. Tikawerengetsa mwa masamu, K100 ikazungulira yonse kakhumi imatsala pafupifupi K74, ndipo ikazungulira ka 23 imatsika n'kufika pa theka. Popeza ulendo umodzi wa kandegeko nthawi zambiri umatha pa masekondi owerengeka, maulendo 23 amakwana munthu asanamalize kudikira basi ya ku Chipata. Masamu omwewo akuonetsa kuti kandegeko kamafika pochulukitsa ndalama kawiri m'maulendo osakwana theka, ndipo kamafika pochulukitsa kakhumi pafupifupi kamodzi pa maulendo khumi.

Apa ndi pomwe njira ya nsolo imatisokeretsa. Pa nsolo ukadyedwa umaona pomwe unalakwitsa, ndipo amene wasewera zaka zambiri amaposadi woyamba kumene. Pa kandege palibe luso lomwe limakula. Malamulo ake amanena kuti zotsatira za ulendo uliwonse zimasankhidwa mwachisawawa, kutanthauza kuti zomwe zachitika m'maulendo apitawo sizikuuza kanthu za ulendo ukubwerawo. Woonerera amangoona zomwe zimaoneka: mnzake amene wapata K500 amaonetsa aliyense, pomwe amene ataya K20, K20 mpaka kumaliza ndalama ya feteleza amabwerera kunyumba mwakachetechete. Ndipo mpata womwe kabuku kosawerengedwa kasiya watsekedwa ndi akathyali omwe amagulitsa pa WhatsApp ndi Telegram timapulogalamu tomwe amati timalosera pomwe kandege kathawire. Munthu amene anawerenga ndime imodzi yokha ya malamulowo sangawapatse ngwee.

N'kosavuta kunena kuti achinyamata ndi aulesi pa zowerenga, koma mlanduwu sungathere pamenepo. Mwana wa kwa Luembe amakula akulankhula Chinsenga, ku sukulu amakumana ndi Chinyanja, ndipo malangizo onsewa amamupeza m'Chingerezi, chinanso Chingerezi cha maloya. Ngakhale ife tinapita ku koleji timadina kuvomera tisanafike pa mzere wachitatu. Zizindikiro zomwe zinapangidwira makolo nazonso sizinafotokozedwe kwa iwo. Manambala 3, 7, 12, 16 ndi 18 omwe amaoneka pa mabokosi a magemu ochokera ku Ulaya ndi a ndondomeko ya PEGI, yomwe inayamba mu 2003, ndipo amasonyeza msinkhu woyenera malingana ndi zomwe zili mkati, monga chiwawa kapena kutukwana. Sasonyeza kuvuta kwa gemuyo. Komanso nambala yotsika siitanthauza kuti thumba lili pabwino. FIFA, yomwe kuyambira mu 2023 imatchedwa EA Sports FC, kwa zaka zambiri inkapatsidwa 3, chonsecho munali mapaketi a osewera mpira omwe munthu amagula asakudziwa kuti apezamo ndani. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti malonda otere ndi juga, ndipo kumayambiriro kwa 2019 kampaniyo inasiya kugulitsa kumeneko mapointi ogulira mapaketiwo.

Kuno ku Zambia, boma linaika mu 2025 msonkho wa 10 peresenti pa ndalama zomwe munthu wabetcha, ndipo makampani ena anadandaula mpaka kukafika ku khoti. Mkangano unali wa pakati pa boma ndi eni malonda, wokhudza mmene angagawanire ndalamazo. Mnyamata wa ku Kacholola amene amaziponya sanamveke kwenikweni, ndipo msonkho pawokha sumuuza chomwe 97 peresenti ikutanthauza.

Maganizo anga ndi akuti kuuza anthu kuti aziwerenga malangizo n'kutaya nthawi. Makampani akuluakulu a magemu anasiya okha kudalira zimenezo zaka zoposa khumi zapitazo. Ngati wosewera amaphunzira ndi zomwe akuona pa galasi la lamya panthawi yomwe akusewera, ndiye kuti chenjezo liyenera kukhala pomwepo. Zimenezi zinachitikapo. Kuyambira pa 31 October 2021, bungwe loyang'anira za juga ku Britain, la Gambling Commission, linalamula kuti masewera a pa intaneti a mtundu wa slots azionetsa wosewera nthawi yomwe watha akusewera ndi ndalama zonse zomwe wataya kapena kupata, kuti ulendo umodzi usamathe pasanakwane masekondi awiri ndi theka, ndiponso kuti makina asamaimbe nyimbo ya chipambano pomwe munthu wabwezeredwa ndalama zochepera zomwe anaponya. Palibe kabuku pamenepa. Nambala ili pamaso pa munthu, ndipo nambala siifuna womasulira.

Pa nkhani ya chilankhulo, makampani sangadzikhululukire kuti n'zovuta. Otsatsa malonda a zobetcha amadziwa kulankhula Chinyanja ndi Chibemba akafuna kuti munthu alowe. Mzere umodzi wonena kuti pa K100 iliyonse K3 imatsala kwa eni masewera ungakwane pa galasi la lamya iliyonse, ndipo ungawerengedwe pa wailesi m'masekondi asanu. Mabungwe omwe angafunse zimenezi alipo: ZICTA, yomwe imayang'anira za lamya ndi intaneti, ndi Competition and Consumer Protection Commission, yomwe ntchito yake ndi kuteteza ogula.

Pakadali pano, chomwe kholo la ku Nyimba kapena ku Petauke lingachite lokha n'chochepa koma chilipo: kusauza mwana nambala yachinsinsi ya ndalama za pa lamya, ndi kufunsa kampani ya lamya mndandanda wa zonse zomwe nambalayo inalembetsedwa, makamaka nyengo yogulitsa chimanga ikayandikira.