Mwana aone ndi maso kuti 2/4 ndi theka

Makolo ndi alimi anzanga, funsani mwana wa giledi 4 kuti cacikulu n'citi pakati pa 1/4 ndi 1/8. Ambili adzayankha kuti 1/8, cifukwa 8 iposa 4. Mlandu si wa mwana ai. Anamuloweza manambala asanaone cimene manambalawo aimila.

Mankhwala ake safuna ndalama. Dulani timapepala tinai totalika mofanana pa kalendala yakale. Koyamba kasiyeni kathunthu. Kaciwili kapindeni pakati kuti kakhale ndi magawo 2. Kacitatu kapindeni pakati kawili, magawo akhale 4. Kacinai kapindeni katatu, magawo akhale 8. Yalani timapepalato pamphasa, kena pansi pa kanzake, poyambila pakhale pamodzi. Mwana adzaona yekha kuti gawo limodzi mwa 2, magawo 2 mwa 4, ndi magawo 4 mwa 8, onse athela pa mzele umodzi. Ndiye kuti 1/2, 2/4 ndi 4/8 ndi cinthu cimodzi. Adzaonanso kuti ogawana akaculuka, gawo licepa.

Ena amati uku n'kusewela, mwana angophunzila lamulo lakuti nambala yapamwamba ndi yapansi aziculukitse ndi nambala imodzi. Lamulolo ndi loona, koma libwele pambuyo. Lamulo loloweza limathawa pa tsiku la mayeso, pamene coona ndi maso cimakhala.

Ife alimi masamu awa tiwadziwa kale. Lima ndi kota ya hekita, motelo malima 2 ndi theka la hekita. Mameda 4 adzaza tini ya malita 20, ndipo mameda 2 ndi theka la tini. Tidziwanso kuti theka la lima silingafanane ndi theka la hekita. N'cifukwa cake timapepala tija tiyenela kutalika mofanana, apo ai mwana adzasokonezeka.

Kucokela mu 2022, pamene boma linacotsa malipilo m'masukulu ake, ana aculuka kwambili m'makalasi. Mphunzitsi mmodzi sangafike pa desiki lililonse. Conde aphunzitsi, patsani mwana aliyense pepala apinde ndi manja ake. Nanunso makolo, khalani naye pansi madzulo muyese pamodzi. Mwana wosadziwa theka ndi kota adzabeledwa pa sikelo pogulitsa cimanga cake. M'mela mpoyamba.