Chaka chimodzi m'nyumba ya eni ku America

Mu Okutobala 1958, mnyamata wa m'mudzi wa Mpale, kumpoto kwa dziko la Nyasaland, adanyamuka wapansi kukafuna maphunziro ku America. Adatenga Baibulo, buku la Pilgrim's Progress, kankhwangwa ndi kamba wa masiku ochepa. Dzina lake lidali Legson Kayira. Ali ku Kampala adapeza buku la mayina a sukulu za ku America ndipo adalembera kalata Skagit Valley College, ya mumzinda wa Mount Vernon m'chigawo cha Washington. Sukuluyo idamupatsa malo. Iye adapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, anthu a ku Mount Vernon adasonkha ndalama za ndege, ndipo mu Disembala 1960 adafika n'kusungidwa ndi banja lina la m'deralo. Zonsezi adazilemba m'buku la I Will Try, lomwe lidatuluka mu 1965.

Ulendo womwe Kayira adauyenda zaka ziwiri, mwana wa masiku ano amautha m'masiku awiri. Chimene chimamudikira akatsika ndege n'chomwecho chidadikira Kayira: khomo la eni, zakudya zachilendo ndi anthu okoma mtima amene kukoma mtima kwawo amakuonetsa mwanjira yosazolowereka. Makolo ndi ogwira ntchito zachitukuko m'midzi amalimbikira zoti mwana akhoze mayeso ndi kupeza pasipoti. Za moyo wa m'nyumba momwe akagone miyezi khumi sizikambidwa kawirikawiri, pomwe ndizo zimamanga kapena kugwetsa ulendo wonse.

Momwe ana amapitira

Kusinthana ophunzira pakati pa America ndi mayiko ena kudakula itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Bungwe la AFS lidayamba kutengera ana a sekondale ku America mu 1947. Mu 1948 idayamba ndondomeko ya International Farm Youth Exchange, yotumiza alimi achinyamata kukakhala ndi kugwira ntchito ndi mabanja a alimi a mayiko ena. Mu 2002, patapita chaka chichitikireni chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001, nyumba ya malamulo ya America idakhazikitsa ndondomeko ya YES, yomwe pambuyo pake idatchedwa ndi mayina a aphungu Edward Kennedy ndi Richard Lugar. Ndondomekoyi idatengapo ana a ku Tanzania, Kenya, Mozambique ndi South Africa.

Mwana wa sekondale wopita motere amalowa ndi chitupa cha J-1. Amafika mu Ogasiti, n'kubwerera cha mu Juni. Banja lomusunga sililandira malipiro. Limangodzipereka kumupatsa pogona ndi chakudya. Ana ambiri satumizidwa ku New York kapena ku Los Angeles, mizinda imene amaiona m'mafilimu. Amapezeka m'matauni ang'onoang'ono a m'zigawo zaulimi monga Iowa, Wisconsin ndi Kansas, komwe minda ya chimanga ndi soya imathera pomwe maso athera.

Ulemu wa kuno, ulemu wa uko

Tsiku loyamba lenilenilo mwana woleredwa bwino amayamba kulakwa chifukwa cha ulemu wake womwewo. Mtsikana wophunzitsidwa kugwada popereka madzi ndi kuyang'ana pansi akamayankhula ndi akulu amapeza kuti ku America woyang'ana pansi amamuyesa wabodza kapena wokwiya. Mayi wa pakhomo, wa msinkhu wa agogo ake, amamuuza kuti azimutchula dzina lake loyamba, ndipo lilime la mwanayo limalemera. Moni wa kumeneko ndi wapamsewu: wofunsa za moyo amakhala atadutsa kale wofunsidwayo asadayambe kulongosola za kumudzi.

Pa chakudya mpomwe ambiri amagona ndi njala. Mlendo wa kumudzi amayamba wakana, podziwa kuti mwini nyumba amukakamiza kawiri kapena katatu. Mwini nyumba wa ku America amamva kukana koyambako ngati yankho lomaliza ndipo amachotsa mbale, poganiza kuti walemekeza zofuna za mlendo. Amamuonetsa furiji n'kumuuza kuti azidzitengera chilichonse nthawi iliyonse, pomwe kwawo kwa mwanayo kuvundukula mphika wa eni ndi khalidwe la wakuba. Chakudya cha masana chimakhala buledi wopanira nyama ndi tchizi, chozizira, ndipo mimba yozolowera nsima imawerenga kuti tsikulo sinadye.

Palinso zina zodabwitsa maso. Bambo wa pakhomo amaphika ndi kutsuka mbale popanda womunena kuti adadya khuzumule. Galu ali ndi dzina, dokotala wake ndi pogona pake m'nyumba. Ana amatsutsana ndi makolo awo pa tebulo, ndipo makolowo amamvetsera. Mawu akuti zikomo amayembekezeka pa kanthu kalikonse, ngakhale pakati pa mayi ndi mwana wake. Mlendo woyamikira ndi nkhope ndi kuwomba m'manja mwakachetechete angayesedwe wosayamika.

Chipinda cha yekha

Chinthu chimene banja lomusunga limachiyesa mphatso yaikulu, chipinda chakechake chokhala ndi chitseko chotseka, ndicho chimamuliza mwana wokulira pamphasa imodzi ndi abale ake. Ku America chitseko chotseka chimalemekezedwa, choncho akadzitsekera chifukwa chosowa kwawo, palibe wogogoda. Eni nyumba amati akufuna kupuma. Iye amati samufuna.

Kucheza nako kuli ndi malamulo ake. Munthu safika pakhomo pa mnzake asadaimbe foni, ndipo tsiku lokumana limalembedwa pakalendala. M'matauni ang'onoang'ono mulibe minibasi kapena kabaza, mitunda ndi yaitali, ndipo mabungwe ambiri salola ana osinthanawa kuyendetsa galimoto. Basi yachikasu ya sukulu ikamutula masana, kupita kwina kulikonse n'kupempha. Ikafika Disembala, ku Iowa dzuwa limalowa 5 koloko isadakwane, chipale chimakuta minda ndipo panja pamazizira kuposa m'furiji. Miyezi ya Disembala ndi Januwale, pomwe kumudzi anthu ali pakalikiliki wa kupalira ndi kubandira, ndiyo imamuwawa kwambiri.

Ana amene amapeza anzawo msanga ndi omwe amalowa magulu a pasukulu. Ubwenzi wa achinyamata a ku America umamangidwa pochitira chinthu limodzi: timu yothamanga, kwaya, gulu la zisudzo, bandi yoimba pa mpira wawo wa Lachisanu madzulo, pomwe tauni yonse imasonkhana pabwalo la sukulu. Wodikira kuti anzake amupeze kunyumba amadikira chaka chonse. Mnyamata wodziwa mpira wa miyendo amasanduka wofunika m'sabata imodzi, ndipo mtsikana wa kwaya ya kumpingo sasowa pomuika.

Mafunso a anzake a m'kalasi nthawi zina amapweteka. Ena amamufunsa ngati kwawo mikango imayenda pabwalo, ena amayesa Africa ndi dziko limodzi. Ambiri mwa mafunsowa amachokera m'kusadziwa, ndipo mwana woyankha moleza mtima amakhala mphunzitsi wa tauni yonse. Koma tsankho lenileni liliponso. Pomwe Kayira amafika mu 1960, zigawo za kumwera zidali ndi malamulo olekanitsa akuda ndi azungu, omwe adathetsedwa ndi lamulo la Civil Rights Act la 1964. Malamulowo adatha, koma zipsera zake zidakalipo, ndipo mwana wakuda yekhayo m'sukulu yonse amazimva m'mayang'anidwe ndi m'nthabwala. Ayenera kuchoka kwawo akudziwa kuti ali ndi ufulu wodandaula kwa woyang'anira wa bungwe lomwe lidamutenga, ndi kuti banja lomusunga likhoza kusinthidwa zinthu zikavuta.

Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, pa chikondwerero cha Thanksgiving, mpomwe ambiri amaona koyamba kuti Amereka nawonso ali ndi abale. Agogo, azakhali ndi azisuweni amayenda mitunda yaitali kudzadya limodzi nkhukundembo, mbatata ndi maungu. Mwana wa mlimi sachedwa kuzindikira kuti ili ndi phwando la masika.

Zimene mwana wa mlimi amaona

Chimanga cha ku Iowa n'chachikasu, ndipo chambiri chimapita ku chakudya cha ziweto ndi ku mafuta a galimoto otchedwa ethanol. Mu 2023 alimi a ku America adakolola pafupifupi matumba 90 a makilogalamu 50 pa ekala imodzi. Kalembera wa zaulimi wa 2022 adapeza kuti munda wa mlimi mmodzi, poyerekeza onse, ndi maekala 463, ndipo zaka za alimiwo zimafika pa 58. Banja limodzi ndi makina ake limalima malo omwe kumudzi angadyetse mafumu angapo ndi anthu awo. Makinawo ambiri ndi angongole, ndipo ana ambiri a alimi amathawira m'mizinda monga zimachitikira kwina konse.

Thirakitala yotere mwana sangabwere nayo m'chikwama. Chimene angabwere nacho amachiona pa chionetsero cha zaulimi cha m'boma, kapena pa chionetsero chachikulu cha ku Des Moines cha mu Ogasiti. Kumeneko mwana wa zaka khumi amakoka thole lomwe wadzilerera yekha, n'kuima nalo pamaso pa woweruza. M'manja ali ndi kabuku momwe adalemba mtengo wogulira, chakudya chomwe lidadya, mankhwala ndi kulemera kwake mwezi ndi mwezi. Chionetsero chikatha chiwetocho chimagulitsidwa pa okushoni, ndipo mwanayo amadziwa ngati wapindula kapena waluza. Awa ndi makalabu a 4-H, omwe mizu yake idayamba cha mu 1902 ku Ohio. Amayendetsedwa ndi alangizi a zaulimi ochokera ku mayunivesite a m'zigawo, pansi pa lamulo la Smith-Lever la 1914, mothandizidwa ndi makolo odzipereka. Ana amasankha okha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Zonsezi zingachitike ndi mbuzi imodzi, nkhuku khumi ndi kope la sukulu.

Mwanayo amaonanso kuti m'matauni ambiri a kumidzi ozimitsa moto ndi anthu wamba odzipereka, osiya ntchito zawo belu likalira. Amaona kuti m'dziko lolemera chotero muli anjala, ndipo mipingo imasunga zakudya zogawira osowa. Amaona okalamba akukhala m'nyumba zowasungira, kutali ndi zidzukulu, ndi maliro otha m'maola ochepa, anthu n'kubwerera ku ntchito. Apa ambiri amayamba kuona mtengo wa zinthu za kwawo zomwe sadaziwerengepo: agogo ofotokoza nthano madzulo, mudzi wonse wogona pa siwa, dima la kumunda.

Pobwerera

Vuto lomaliza limamudikira kwawo. Abale ambiri amaganiza kuti wopita ku America wapita ku ndalama, ndipo mafoni opempha fizi ndi feteleza amayamba mwezi woyamba. Malamulo a chitupa cha J-1 salola mwana wa sekondale kulembedwa ntchito. Amangololedwa timaganyu ta apo ndi apo monga kulera ana kapena kutchetcha kapinga. Mwana wopanikizidwa chotere amachita manyazi, amasiya kuyankha mafoni, ndipo ena amayesedwa kuthawa n'kukhala mobisala, chinthu chomwe chimawatsekera khomo iwo eni ndi kuvutitsa anzawo odzapempha chitupa m'mbuyo mwawo.

Akafika pakhomo amakhala atasintha. Amayang'ana akulu m'maso, amafunsa chifukwa cha chilichonse, amadandaula msonkhano ukachedwa kuyamba. Mudzi umafulumira kumutcha wonyada, naye amafulumira kuutcha mudzi wotsalira. Mbali ziwirizi zikaumirira, mwanayo amayamba kufuna njira yobwererera kunja. Kayira adapitiriza maphunziro ku University of Washington ndi ku Cambridge, adakhazikika ku England, ndipo adamwalira ku London mu 2012. Pa nthawi yake ndale za kwawo zidali zoopsa kwa wolemba mabuku woyankhula poyera. Mwana wa lero amene sabwerera kawirikawiri amakhala atasowa pogwira ndi womumvera.

Apa mpomwe mlangizi, mphunzitsi ndi mtsogoleri wa kalabu ali ndi gawo. Mwana asadanyamuke, akhale pansi ndi wina amene adapitako, amuuze za moni, za chakudya, za chitseko ndi za chisanu. Atenge ufa pang'ono ngati malamulo a pachipata alola, chitenje, zithunzi za munda ndi za banja, kuti naye akhale ndi chopatsa. Makolo auzidwe poyera, pamaso pa abale, kuti mwanayo sakukagwira ntchito. Akabwerera, apatsidwe mpata pa msonkhano wa kalabu ya alimi kapena wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti afotokoze zomwe adaona, ndipo apatsidwe kagulu ka ana koti ayambe nako kuweta ndi kulemba m'kope. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwana wobwera ku America ndi mlendo kwa miyezi ingapo yokha, ndipo miyezi imeneyo ndiyo yomufunsira zomwe wanyamula, asadazolowere kukhala chete.