Funso la Kholo Lisamatikwiyitse

Mphunzitsi amene waphunzitsapo kalasi ya zinenero ziwiri kuno ku Angónia amalidziwa funsoli. Limabwera pa msonkhano wa makolo, kawirikawiri kuchokera kwa bambo amene wasiya munda wake wa mbatatesi kuti adzamve za mwana wake. Amaimirira mwaulemu, chipewa chili m'manja, nati: "Aphunzitsi, Chinyanja mwanayu anayamwira. Ine ndinamutumiza kuno kudzatenga Chipwitikizi. Kodi ana a akuluakulu kumzinda wa Tete akuphunziranso chonchi?"

Ambiri a ife timapsa mtima, ndipo chamumtima timati bamboyu ndi mbuli. Tikatero, tsankho limene tatumidwa kukalizula talibzala tokha.

Mantha a bamboyu ali ndi mbiri. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda ankayenera kulankhula ndi kulemba Chipwitikizi, ndiponso kusiya miyambo ya makolo ake, kuti alembedwe ngati "assimilado". Malamulowo anathetsedwa mu 1961, koma manyazi amene anadzetsa anatsala. Titalandira ufulu mu 1975, Chipwitikizi chinasankhidwa kukhala chinenero cha boma ndi cha umodzi wa dziko, ndipo sukulu zinapitiriza kuphunzitsa m'chinenero chimenecho chokha. Ena mwa ife tinalangidwapo chifukwa cholankhula Chinyanja pabwalo la sukulu. Mpaka lero timamva anthu ophunzira akutchula zinenero zathu kuti "dialecto", ngati kuti n'zosakwanira. Tsono munthu amene waona moyo wake wonse kuti ntchito ya mu ofesi imapita kwa wolankhula Chipwitikizi, tingamudzudzule bwanji akamafunira mwana wake zomwezo?

Chimene bamboyu sanauzidwe n'chakuti maphunzirowa sanayambe dzulo, ndipo anayesedwa m'chigawo chathu chino. Kuyambira 1993 mpaka 1997, ntchito ya PEBIMO inaphunzitsa ana a ku Tete m'Chinyanja ndi Chipwitikizi, a ku Gaza m'Chichangana ndi Chipwitikizi. Mu 2003 boma linayamba kulowetsa njirayi m'sukulu zake za pulayimale. Ndime 9 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 imazindikira zinenero zathu ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Ndipo chifukwa chake n'chomveka: mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Akagwira kuti zilembo zimaimira mawu amene amawamva tsiku ndi tsiku, lusolo amapita nalo ku Chipwitikizi. Tikamuyambitsa m'chinenero chimene sakuchimva, amangoloweza ngati chinkhwe.

Pali tsankho lina limene limatipweteka ife a kumapiri kuno. Mwana wa ku Ulongwe kapena ku Tsangano akapita kumunsi, akangotsegula pakamwa amauzidwa kuti ndi Mmalawi. Malire anaikidwa pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo anadula pakati mabanja, minda ndi manda. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu athu ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ana awo n'kuphunzira komweko, kenaka anabwerera kwawo. Ndi Amozambiki enieni, ndipo chinenero chimene amagawana ndi abale a kutsidya si mlandu. Koma tisadzinamize kuti ife ndife ongolakwiridwa. M'kalasi mwathu momwemo mwana wa namwino wochokera ku Moatize amasekedwa akalankhula Chinyungwe. Mwana wa Chingoni ndi wa Chichewa amatchulana mayina amene anawamva kwa akulu. Wa kutchalitchi amauzidwa kuti asasewere ndi wa kudambwe, chonsecho Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mphunzitsi akaseka nawo, ngakhale pang'ono chabe, anawo amatenga kusekako ngati chilolezo.

Ife tikuti zinthu zotere sizithetsedwa ndi chikwapu kapena chikalata chochokera ku boma. Zimafuna bwalo, monga mmene mfumu ndi nduna zake amakhalira pansi pa mtengo kumva mbali zonse. Bwalo lathu ndi khonsolo ya sukulu, m'mene muli makolo ndi atsogoleri a mudzi. Kumeneko tilankhule Chinyanja, pakuti n'zochititsa manyazi kuteteza chinenero cha makolo m'Chipwitikizi chimene theka la omvera sakuchitsata. Tinenenso zoona: mabuku nthawi zina amachedwa kufika, ndipo chaka chimene ana amasinthira ku Chipwitikizi chimavuta ngati sitinawaphunzitse kuchilankhula kuyambira kalasi yoyamba. Kholo limene tabisira zimenezi lidzaziona lokha, ndipo silidzatikhulupiriranso.

Kenaka tiitane ana. Mtsikana wa kalasi yachitatu awerenge pamaso pa makolo nthano imene walemba yekha m'Chinyanja, ndipo mnzake ayankhe mafunso m'Chipwitikizi. Uja wa Chinyungwe atiuze mmene amatchulira madzi, moto ndi mvula kwawo, anzake aone okha kuti mawuwo ndi pachibale. Zikatha izi, titembenukire kwa bambo uja, tiwafunse ngati ali ndi funso lina. Mwina adzakhala nalo, ndipo msonkhano wotsatira tidzayambire pomwepo.