Thiripi yathu isamathere pa kusamba ndi kujambulitsa

Mayi anga aang'ono amagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10. Tsiku lina anatiuza kuti mwana wa abwana awo wangofika kumene kuchokera ku Greece, komwe kalasi yawo inakaphunzira pa chilumba cha Samos. Sindinama, mtima unandiwawa. Ife tikati thiripi ndiye kuti ndi ku Senga Bay basi: kusonkha ndalama, kunyamuka m'bandakucha sipika ili pamwamba, kusamba, kujambulitsa, madzulo n'kubwerera. Lolemba aphunzitsi akafunsa zomwe taphunzirako, kalasi yonse zii.

Koma mayi aang'onowo ananenanso china chomwe chinandiganizitsa. Akuti mwanayo ananyamuka ndi kope lodzaza mafunso, ndipo atabwera anakhala masiku angapo akulemba lipoti loti akawerenge pamaso pa anzake. Paja Samos ndi kwawo kwa Pythagoras, yemwe uja amatisowetsa tulo pa masamu, ndipo anabadwira kumeneko zaka zoposa 2,500 zapitazo. Ndege ija sitingaikwanitse, zoona. Nanga kope la mafunso latikanika chifukwa chiyani? Ine ndikuti chomwe chimapangitsa ulendo kukhala wamaphunziro ndi mafunso omwe munthu wanyamula komanso zomwe wabwera nazo.

Ngati nkhani ndi ya chilumba, nafenso tili nacho. Yang'anani mapu a Malawi muone pomwe pali Likoma ndi Chizumulu. Zilumba ziwirizi zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, koma ndi zathu. Zinatheka bwanji? Yankho lili mu mbiri: amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, choncho pomwe azungu ankadula malire, zilumbazi zinatsalira m'manja mwa Angerezi. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903 chilipobe mpaka lero. Sitima ya Ilala yomwe imafika kumeneko inapangidwa ku Scotland, n'kubwera nayo zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Onani, ulendo umodzi womwewo muli histore, jogalafe ndi sayansi yomwe.

Ndikudziwa wina anena kuti, "Aise, ukulota. Pa CDSS pano ena ankalephera ndi fizi yomwe, za ku Likoma ndalama zake ziti?" Akunena zoona, ndipo sindikufuna thiripi yoti apite ana khumi okha, ena onse n'kutsala akusuzumira pa windo. N'chifukwa chake ndikuti tiyambire pompano. Ndi angati mwa ife analowapo mu Nyumba ya Malamulo ku City Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2010? Timaloweza za aphungu ndi Sipikala kuti tikhoze mayeso, chonsecho malo ake ali pa mtunda wa minibasi imodzi. Pafupi pomwepo pali manda a Kamuzu Banda. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pomwe tingaone ndi maso zomwe timangojambula mu kope la bayoloje.

Mzinda womwewu ndi phunziro pawokha. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Bwanji anamanga Capital Hill kutali ndi Old Town? Bwanji ku Area 10 ndi 43 nyumba imodzi ili ndi bwalo lalikulu ndi mitengo, pomwe kwathu mukatsegula chitseko mwaona kale mphika wa aneba? Imani pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika, muone mtundu wa madziwo, kenaka mufunse kuti zinyalalazo zikuchokera kuti ndipo zikupita kwa ndani. Amenewa ndi mafunso enieni, ndipo kuwafunsa sikulira pasipoti kapena viza.

Pempho langa kwa ahedi, aphunzitsi ndi komiti ya makolo ndi ili. Teremu iliyonse kalasi imodzi iziyenda ulendo wa tsiku limodzi mumzinda muno. Tisananyamuke, gulu lililonse lizilemba mafunso asanu, ndipo tikabwera mayankho ake tizimata pa khoma pompano kuti otsala nawonso apindule. Ya kunyanja ija isathe ayi, kusamba si tchimo, koma tizipatula maola awiri ocheza ndi asodzi za chifukwa chomwe chambo chikusowera. Ndipo a Fomu 1 atayamba kusonkha pang'onopang'ono chaka chino, kalabu ya zaulimi n'kumaponyamo za masamba omwe imagulitsa, akamafika Fomu 3 Likoma sangakhalenso nthano.

Kwa ife ophunzira, tisamangodandaula kuti ana a mabwana ali ndi mwayi. Mwayiwo ali nawodi, koma MANEB sidzatimvera chisoni chifukwa cha zimenezo. Thiripi ikubwerayi ine ndinyamula kope ndi cholembera. Amene akufuna tilembere limodzi mafunso andipeze pa buleki kuseri kwa laibulale.

Wophunzira wa Fomu 3